Nthutumba ya Atate

"Iyi nkhuku sinizadya. Chotsapo."

Atate anakankha mbale ndi kunja kwa dzanja mpaka msuzi unatayikira pa nsalu ya patebulo. Linali Lamlungu masana, titangobwera kutchalitchi, ndipo anali asanamasule n'komwe tayi.

"Manje yalakwa chani, batate bake Chiku?" anafunsa amayi ali chiimire pakhomo, beseni la madzi osamba m'manja lili m'manja.

"Ufunsa ine? Bwela upenye. Msana uyu. Chiwindi ichi. Nondo ili kuti?"

Nondo ndi dzina limene anthu kuno ku Chawama amatchulira nthutumba ya nkhuku. Kwathu nthutumba ndi ya atate okha. Nkhuku ikafika patebulo popanda nthutumba, mwamuna atha kuikana yonse, chifukwa amati mkazi waipereka kwa mwamuna wina. Amayi anaphunzira zimenezi kwa alangizi asanalowe m'banja, ndipo anali atandiuza kangapo tikusosola nthenga.

"Ninaikamo ine mwine, na manja yanga aya," anatero amayi.

"Ndiye yambululuka? Nkhuku yakufa, nondo yake yamela mapiko? Ida, zaka twente tili pamodzi. Niuze chabe dzina ya mwamuna wamene wadya nondo yanga, nimupelekele na nkhuku yonse, na mbale yake."

"Musakambe teti pali bana."

"Bana bamvele! Na baneba bamvele!"

Anthu a nyumba yogundana ndi yathu anali akumva kale. Wailesi yawo, imene imalira kuyambira m'mawa, inatsitsidwa mwadzidzidzi.

Amayi anaika beseni pansi n'kutuluka. Ife ana tinali pamkeka panja, pafupi ndi mbaula. Mchimwene wanga wamng'ono Dumi, wa zaka khumi, anali atagwira ntchafu yake ya nthawi zonse. Ine ndinali ndi phiko. Tiwo, mwana wa malemu mchemwali wa atate, amene anabwera kwathu chaka chatha maliro atatha, anali ndi zipalapasiro ziwiri. Anali wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ankadya pang'onopang'ono, kumung'unya kachala kamodzikamodzi kuti zisathe msanga.

Nthutumbayo ndinadya ndine.

Amayi atapita kukagula tomato pakantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, anandisiyira mphika. Nditavundula, inabwera pamwamba yokha. Ndatsuka nthutumba zambiri, kuzing'amba, kutaya mchenga wake, kusenda kachikopa kachikasu ka m'kati, koma m'zaka zanga khumi ndi zisanu ndi zitatu ndinali ndisanalaweko. Ndinaivuula ndi sipuni, n'kubisala kuseri kwa chitseko, n'kuitafuna ikundiwotcha lilime. Sinali yokoma n'komwe. Inali ngati mphira wothira mchere. Ndinaganiza kuti atate, ndi njala ya kutchalitchi, sadzawerenga.

"Nindani anasala pa mbaula pamene ninachoka?" anafunsa amayi. "Chiku?"

"Ine ninali kusuka mambale kuseli," ndinayankha. Mbale ndinatsukadi, koma pambuyo pake.

"Ninaona Tiwo aikako malasha pa mbaula," anatero Dumi, pakamwa pali podzaza.

"Tiwo, imilila. Yasama."

Tiwo anayasama. Amayi anawerama n'kumununkhiza m'kamwa.

"Mununkha nkhuku."

"Ni vimendo, ba anti. Vamene mwanipatsa."

"Uniyankha? Nakusunga, nakuvalika, manje ufuna unichotse pa nyumba yanga? Wamvela vamene bakamba bamalume bako? Ati nili na mwamuna! Chifukwa cha mimba yako iwe!"

"Sininadye, ba anti. Zoona, Mulungu aona."

"Usaikemo Mulungu mu ukawalala."

Amayi anga si munthu waphokoso. Kutchalitchi amaimba m'kwaya ya amayi, kumbuyo, ndipo mawu awo samveka. Koma tsikulo anachita zinthu mofulumira, ngati munthu wodziwa kale ndondomeko yake. Anatenga sipuni ija, yomwe ija ndinavuulira, n'kuilowetsa m'makala. Anadikira. Tonse tinadikira. Ndinali ndi nthawi yokwanira yolankhula, mwina mphindi yathunthu. Ndinatsegula pakamwa, koma mawu anakana, monga amakanira m'kalasi aphunzitsi akandiloza. Kenaka amayi anagwira dzanja lamanja la Tiwo, n'kulitambasula, n'kukanikiza sipuniyo pachikhatho.

Kulira kwake sindifuna kukulemba.

Atate anatuluka, tayi ili m'manja.

"Zakwana. Ivi si vochitila panja, banthu bapenya." Anayang'ana Tiwo kamodzi, n'kuyang'ana kumbali. "Ine niyenda kukadya michopo." Anapita kumene amawotcha nyama ya mbuzi, kumsewu.

"Chiku, leta mankhwala ya meno," anatero amayi.

Ndinathamanga kukatenga mankhwala otsukira mano, ndipo ndine ndinawapaka pabalalo. Linali lozungulira motalika ngati dzira. Amayi anang'amba kansalu n'kumanga.

"Bakakufunsa ba ticha mailo, uzakamba kuti chani?"

Tiwo ankangosisima.

"Uzakamba kuti, ninagwila mbaula. Kamba."

"Ninagwila mbaula."

Amayi anakhala pa kampando kawo n'kutenga mbale yawo. Munali mutu wa nkhuku ndi khosi. Zipalapasiro, zimene kale zinali zawo, anasiyira Tiwo chibwerereni chake. Anayamba kudya, koma mutuwo unawapulumuka n'kugwera pansi kawiri.

M'nyumba mwathu aliyense ali ndi nyama yake, ndipo ndinkayesa kuti anthu amabadwa choncho. Atate anali mwana wamwamuna yekha pakati pa akazi asanu, ndipo amanyadira kuti agogo ankawabisira nthutumba pansi pa mbale iwo asanayambe n'komwe sukulu. Dumi akapatsidwa china osati ntchafu amagona pansi n'kumenya miyendo. Amayi samadya mnofu. Paukwati wa mwana wa abusa, anthu akulimbirana ntchafu, iwo anapita kumiphika kukapempha zipalapasiro. Ya ng'ombe amadya ziboda ndi matumbo basi. Ukawafunsa amaseka n'kunena mawu omwewo: "Sinikonda nyama yofewa. Imaninunkha. Nipatseni chabe vimendo."

Pachikhatho chawo chakumanja pali chipsera chakale. Anatiuza kuti anagwira nsimbi ya makala ali mwana. Sabata imeneyo, tikuchapa, ndinachiyang'anitsitsa koyamba. Nsimbi ili ndi ngodya. Chipseracho chinalibe ngodya. Ndinachotsapo maso msanga, chifukwa sindinafune kudziwa.

Lachinayi madzulo dzuwa lisanalowe, ndikupeta mpunga pakhomo, ndinamva akukambirana m'nyumba.

"Nakamba na ba sisi Hilda pa foni," anatero amayi. "Bati bangamutenge. Bafuna kamwana kosuka mambale pa lesitilanti yawo ku Marapodi."

"Nanga sukulu?" anafunsa atate.

"Sukulu ilipo na kuja."

"Hilda nimudziba. Sazamupeleka."

"Ndiye mufuna nichite bwanji? Lelo ni nondo, mailo ni foni yanu, mkucha bazatiitana ku polisi. Imwe mwine munakamba pamaso pa baneba kuti nili na mwamuna. Niyenda kutapa manzi, bazimai baseka, ati ba Ida, nondo ili bwanji? Ine sinizankhala na kawalala munyumba."

"Ni mwana wa mlongosi wanga."

"Ndiye muzimuphikila mweka."

Ndinamva atate akutsegula TV.

"Bazabwela liti?"

"Sondo ya pa mapeto ya mwezi."

"Olo. Mwina azaphunzila ulemu."

Anatsala masabata awiri ndi masiku atatu. Ndinawerengera pa kalendala ya kutchalitchi. Tsiku lililonse ndinkadzuka nditakonza mawu: Mami, ndine. Mawu awiri okha. Ndinkawayeserera m'bafa, ndi pamzere wotunga madzi. Ndikafika pamaso pa amayi ndinkafunsa ngati sopo watha.

Tiwo sanasinthe kwambiri. Ankasesa ndi dzanja lamanzere. Kusukulu anauza aphunzitsi za mbaula, ndipo anamukhulupirira. Kungoti anasiya kuimba posamba, ndipo chakudya chikafika ankakhala kumapeto kwa mkeka, manja ali kumbuyo, mpaka atauzidwa kuti adye.

Loweruka lotsatira atate anabwera ndi nkhuku yowotcha ya m'tauni, yogulidwa zidutswa. Ndinabisa phiko langa m'pepala, ndipo titapita awiri kukataya zinyalala kudzenje ndinamupatsa.

"Idya fasiti, kulibe wamene aona."

Analiyang'ana, osalandira.

"Sinifuna, ba Chiku."

"Iwe, ni yabwino. Ili na tsabola pang'ono chabe."

"Nikaona nyama, kwanja iyamba kubaba," anatero akuyang'ana dzanja lake lopsa lija.

"Yayamba kupola kaili."

"Ibaba mukati." Anakankha chigubu chophwanyika ndi phazi. "Ba Chiku, inali yokoma?"

"Chani?"

"Nondo. Ninakuonani kuseli kwa chitseko. Munali kupepelela so." Anatsanzira mmene ndinkauzira mpweya m'kamwa chifukwa cha kutentha.

Ndinakhala pa tayala lakale limene linali pamenepo.

"Unaniona? Manje chifukwa chani sunakambe?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa funso la mwana.

"Sembe banakhulupilila ndani? Imwe ndimwe bana ba nyumba." Anatola chidebe. "Musade nkhawa, sinizakamba. Koma munipatse chola chanu chija chakale, cha buluu. Sinifuna kuyenda ku Marapodi na pulasitiki."

Ndinamupatsa cholacho tsiku lomwelo. Ndinamuikiramo diresi langa limene linandichepera, ndi makope awiri atsopano. Ndinachita zonsezi kuti ndisanene mawu awiri aja.

Lamlungu lomaliza la mwezi anti Hilda anafika titangoweruka kutchalitchi. Ndi mwana wa amayi aakulu a amayi anga, ndipo amayi aakuluwo ndiwo anawalera amayi makolo awo atamwalira. Ndi munthu wamkulu thupi, wa mawu omveka kuyambira pangodya ya msewu, ndipo akaseka amamenya ntchafu ya aliyense amene ali pafupi.

"Odi kuno kwa bamulamu! Mabasi ya ku Chawama yazanipaya. Kondakita ati nilipile mipando ibili, ati mami mwadzaza. Nati iwe kamwana, nyoko anakuphunzitsa kupima bazimai?" Anaponya thupi pa sofa. "Kali kuti kantchito kanga? Aka? Koonda monga waya. Kazanenepa, ku lesitilanti kuli vokombela mumapoto."

Amayi anali atapha nkhuku ya mlendo. Nthawi iyi mphika sanausiyire munthu. Nthutumba anaiika pa kambale kakekake, n'kukaika pamaso pa atate atagwada. Atate ndi mlendo anakhala patebulo. Amayi anakhala pa kampando pafupi ndi khomo, mbale ili pamiyendo. Dumi ndi Tiwo anali pamkeka pakhonde, chola chabuluu chili chotsamira khoma. Ine ndinali nditaima ndi beseni.

Atate, pofuna kuonetsa ulemu, anadula nthutumba pakati n'kupereka theka kwa mlendo.

"Mulamu, lelo tigabane."

"Iyee, ba Enos, mwanikweza! Ine na nondo tinadzibana kale." Anaiponya m'kamwa. Akutafuna, maso awo anagwera pa mbale ya amayi. "Ida! Ukali kudya mitu na vimendo? Zaka zonse izi, uli na nyumba yako, mphika wako?"

"Ndiye vamene nikonda, ba sisi."

"Uyu musamuvutitse," anatero atate akuseka. "Ninamutengako ku hotelo pamene tinali pa chibwenzi. Nyama so, yaikulu. Anaipenya chabe, n'kudya chipisi. Ati imununkha."

"Ni bamayo banga abo! Banamuphunzitsa bwino. Sanakuuzenikoni?" Anti Hilda anapukuta pakamwa. "Uyu anabwela kwathu ali monga aka kamwana. Anali kukonda nyama, mwe bantu! Akaona ntchafu, maso gwa. Manje siku ina nondo ya badadi inasowa mumphika. Badadi banakana nkhuku yonse, nyumba inagwedezeka. Bamayo sibanali kuseka na munthu. Banatenga sipuni, kuika pa mbaula, kuitana Ida. Iwe, onetsa bamulamu kwanja."

Amayi anafumbata dzanja.

"Ni nsimbi ija," anatero atate. Anali atasiya kuseka. "Ananiuza kuti ni nsimbi."

"Nsimbi ya kuti? Munaonapo nsimbi youmbika monga sipuni? Nsimbi ni yamene tinauza ba ticha." Anti Hilda anaseka mpaka anatsokomola. "Kuchoka apo, mwezi wonse vimendo na mutu chabe. Mwezi utasila bamayo bamupatsa ntchafu, ati yesa. Analuka pa mkeka! Kusila kwa nyama. Tinali kumuitana ati Vimendo, olo ku sukulu. Ukumbuka, Ida?"

"Nikumbuka," anatero amayi. Mawu awo anali aang'ono ngati a Tiwo.

"Manje choseketsa ni ichi, bamulamu. Ija nondo ninadya ndine."

Anamenya tebulo n'kuseka okha. M'nyumba munalibe wina woseka.

"Ndine! Ninali na fotini, njala ya ku sukulu. Ninaitenga na foloko, kudyela ku toileti. Nakhala nifuna kukuuza, koma nimaibala. Ni vinthu va ubwana."

Khosi la nkhuku limene amayi anagwira linagwera m'mbale.

"Munali imwe?"

"Ah, iwe, ni kale."

"Munali pamene paja. Munaimilila pa chitseko." Amayi ankalankhula pang'onopang'ono, ngati akuwerenga zolembedwa patali. "Ndimwe munanibweletsela mankhwala ya meno. Ndimwe munanipaka."

"Waona? Ninakumvelela chifundo."

"Ninagwada kwa badadi banu. Ninapepesa. Bananiuza nikambe katatu kuti ndine kawalala, ninakamba." Anatambasula dzanja n'kuliyang'ana. "Ba sisi, ine ninafika pokhulupilila kuti ninadya. Ninali kuganiza kuti mwina ninadya osadziba. Mpaka lelo nikaika ntchafu pakamwa nimvela fungo ya kwanja yanga."

"Koma inakuthandiza! Ona mwamene unakulila, mkazi wa ulemu, sugwila cha munthu. Bana bamasiye bafunika kwanja yolimba, ngati ayi bakukwela pamutu. Na aka kazawongoka. Nipatseni chabe miyezi itatu."

Ndinayang'ana anti Hilda. Mafuta a nthutumba anali akuwala pamilomo pawo. Anali munthu wosangalala, wogona tulo tabwino, ndipo ndinaona bwinobwino kuti zaka makumi atatu zikubwerazi ndidzakhala pa sofa ya Tiwo, ndikutafuna, ndikumuuza nkhani yoseketsa ya ubwana.

"Mami," ndinatero.

Palibe anamva. Mawu anga ndi otero.

Ndinasiya beseni. Sindinaliike pansi, ndinangolisiya. Linagwa ndi phokoso, madzi n'kumwazikira pa nsapato za atate za kutchalitchi. Onse anatembenuka.

"Mami, nondo ya badadi ninadya ndine. Si Tiwo. Pamene munayenda kugula tomato. Ninaivuula na sipuni, ninadyela kuseli kwa chitseko. Tiwo ananiona, koma sanakambe."

Ndinanena zonse ndi mpweya umodzi, maso ali pa madzi amene ankayenderera kulowera pansi pa sofa. Ndinadikira mbama. Ndinadikira sipuni. Ndinkaifuna.

Atate ndiwo anayamba kulankhula.

"Iwe, Chiku? Ah." Anakanda m'mutu, n'kuseka pang'ono. "Sembe unakamba chabe, mwana wanga. Nondo ni chani? Sembe ninakupatsa."

"Sembe munamupatsa," anatero amayi.

"Ni mwana, amayesa."

"Sembe munamupatsa." Amayi anaimirira. "Munaniita hule pamaso pa komboni yonse. Ine ninatentha mwana wa mlongosi wanu. Manje mukamba ati nondo ni chani?"

"Sininakuuze kuti umutenthe."

"Munaniuza kuti nisachitile panja."

Atate anayang'ana patebulo. Theka la nthutumba linali likadali pa kambale kawo. Analikankhira kumbali.

"Aa, imwe naimwe," anatero anti Hilda. "Mufuna kupanga maliro pa kanthu kang'ono? Bana ni bana. Chiku wavomela, yasila. Tiyeni tidye, mabasi yavuta pa Sondo. Kamwana, tenga chola chako."

Tiwo anaimirira nthawi yomweyo n'kunyamula chola. Amayi anatuluka pakhonde, anachilanda m'manja mwake, n'kulowa nacho kuchipinda chathu. Tinamva zipi ikutseguka. Anabwerera manja ali opanda kanthu.

"Sayenda."

"Ida, tinapangana. Nachotsa na mtsikana wina chifukwa cha aka."

"Sayenda, ba sisi. Mukasiliza kudya, Dumi azakupelekezani pa siteshoni."

"Unipitikitsa? Ine? Bamayo banga banakutola ulibe na kabudula, banakulela, manje..."

"Bananilela, zoona. Onani." Amayi anakweza chikhatho n'kuchiika pafupi ndi nkhope ya anti Hilda. Kenaka anagwira dzanja la Tiwo, n'kumasula kansalu, n'kuliika pambali pa lawo. Chipsera china chinali chotuwa, china chofiirira chosapola bwino. Kukula kwake kunali kofanana. "Na ine nalela."

Anti Hilda sanadikire Dumi. Anatenga kachikwama kawo n'kutuluka akulankhula za anthu osayamika, ndipo tinawamva mpaka pangodya. Wailesi ya anzathu oyandikana nawo inali itazimitsidwa kale.

Ine amayi sanandimenye. Sanandikalipire. Anandiyang'ana kamodzi kokha, kwa nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Unanipatsa mankhwala ya meno." Kenaka anati, "Kolopa manzi." Mpaka lero ndimalakalaka akadandimenya.

Nditakolopa ndinawapeza pakhonde. Anali atatenga mbale yoyera, ya alendo, ya maluwa m'mbali. Anaikamo ntchafu yachiwiri, imene inatsala ya mlendo, n'kuthirapo msuzi. Amayi anga, amene amagwadira atate ndi abusa okha, anagwada pasimenti pamaso pa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi.

"Tiwo, mwana wanga. Ninalakwa. Sunabe. Wamvela? Sunabe kanthu. Idya."

Tiwo anabisa manja kumbuyo. Anayang'ana ntchafuyo, n'kuyang'ana atate amene anaima pakhomo, n'kuyang'ana ine. Ndinamugwedezera mutu kuti adye. Anatulutsa dzanja lamanzere, anatenga ntchafu, anaikweza mpaka pafupi ndi milomo. Anaibweza m'mbale mosamala, pamalo pomwe inali, n'kupukuta zala pa diresi.

"Zikomo, ba anti," anatero mwaulemu, akumwetulira pang'ono kuti asakhumudwitse munthu. "Koma sinikonda nyama yofewa. Imaninunkha. Nipatseni chabe vimendo."

Amayi anakhala pansi pasimenti pomwepo. Anatseka pakamwa ndi dzanja lija la chipsera. Atate anatembenuka n'kulowa m'nyumba, koma TV sanatsegule.

Mbale ya maluwa inakhala pakati pa amayi ndi Tiwo, msuzi ukuyamba kugwirana pamwamba. Ntchentche imodzi inatera m'mbali mwake. Dumi, amene anali atamaliza yake kalekale, anasendera pafupi.

"Mami, ngati safuna, nidye ine?"

Anadikira pang'ono, n'kutenga.